Ngongole ya Nyumba Yopanda Denga

Ku Joni konse kuno, munthu mmodzi yekha ndiye ndinamuona akuthamangira olonjerera ngongole, osati kuti awatibule ayi, koma kuti awamwetse tiyi. Munthu wake anali a Bashiru, telala wathu wa ku Etwatwa, amene tinawaika m'manda nyengo yozizira yapitayi. Enafe tikaona galimoto yachilendo ikukhotera mumzere wathu wa mikhukhu, tinyumba tathu tamalata, tinkathimitsa wailesi, kutseka chitseko, n'kupangira ana kuti akafunsidwa anene kuti bambo anabwerera ku Malawi. A Bashiru ankasiya buluku la eni ake pamakina, singano ili chilowere, n'kuliyatsa liwiro kulondola galimotoyo, tepi yoyezera ikupepheluka m'khosi.

"Imani, bwana! Imani! Munthu mukumufunayo ndine!"

Ine ndine Japhet, mlonda wa pa nyumba ina yosungira katundu ku Isando. Mkhukhu wanga ndi wawo inkalekanitsidwa ndi lata limodzi lokha, moti iwo akatsokomola, kapu ya pashelefu panga inkanjenjemera. Ndipo ankatsokomola zenizeni, poti anabwera kuno kale pa Wenela ndipo mgodi unawadya chifuwa. Anali kamunthu kakafupi, kolongolola, kaphazi ngati ka mwana wa sitandade thuu. Phazi limeneli mulisunge m'mutu, libweranso.

Wolonjerera ngongole wawo anali Msutu wina dzina lake Mofokeng, chimunthu chamapewa, chovala jekete lachikopa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ife tinkamutcha a Sikoloto, chifukwa ndilo liwu loyamba kutuluka mkamwa mwake, ndipo kunoko limatanthauza ngongole. Tsiku loyamba, chaka cha chisankho chija cha 1994, anabwera atakwiya kale, poti anali atawasaka miyezi yambirimbiri.

"Madala, ndiwe Bashiru wa ku Katlehong?"

"Ndinali."

"Ndapitako ku adiresi yakoyo. Nyumba ilibe denga, mkati mukugona mbuzi. Koma nyumba imeneyoyo ikugula zovala pangongole ku sitolo kwathu, osalipira."

A Bashiru anaimitsa makina. "Yagula chiyani?"

"Zikukhudza chiyani? Nsapato."

"Saizi?"

A Sikoloto anayang'ana papepala. "Leveni."

A Bashiru anakhala pansi padothi, n'kuimirira, n'kukhalanso. Kenaka anamudumphira munthu uja m'khosi n'kumupsompsona patsaya, misozi ili chuchuchu. A Sikoloto anali atamenyedwapo pantchito yawoyi, kulumidwa ndi agalu, kuthiridwa madzi otsukira mbale, koma kupsompsonedwa anali asanakuonepo. Anathawa osatenga ngakhale senti, chipewa chinatsalira pansi.

Madzulo ake ndi pamene anandiuza nkhani yonse. Anali ndi mng'ono wawo, Latifu, amene anachita kukamutenga ku Mangochi atalonjeza mayi awo kuti amusamala ngati dzira. Mnyamatayo analibe mapepala, ndipo anafika ku Joni atavala patapata chifukwa phazi lake linali losapezeka m'misika ya kwawo. Tsiku lina m'mawa, chaka cha 1993, a Bashiru anamupatsa khadi lawo la ngongole la sitolo ina yaikulu ya zovala, ija ili ndi nthambi tauni iliyonse, kuti akadzisankhire nsapato. Siginecha yawo inali kambedza chabe, koti aliyense akhoza kukhotetsa. Latifu atachoka, nkhondo ya zipani imene inkadya anthu ku Katlehong inafika mumsewu wawo. Nyumba zinayaka, mwini nyumba anapsera mkati, a Bashiru anathawa ndi mutu wa makina paphewa. Mng'ono wawo sanamuonenso. Anazungulira zipatala, ndende, nyumba zachisoni, osamupeza. Kumudzi analeka kulemba makalata, poti akanati chiyani kwa mayi?

"Koma nsapato izi zagulidwa moto utazima kalekale, a Japhet," anatero akugwedeza chipewa cha a Sikoloto. "Wakufa sagula nsapato."

Ine mtima wanga ngwouma, ndipo pakamwa panga sipachedwa. "Achimwene, khadi limenelo anatola tsotsi."

"Tsotsi wa saizi leveni?"

"Matsotsi akuno amadya bwino. Pitani ku sitoloko mukanene kuti khadi lili ndi munthu wina, amugwire, tione nkhope yake."

"Amugwire? Mwana wopanda mapepala? Ndikamupereke ndekha kwa apolisi?"

Apa m'pamene panagona nkhani yonse. Akanena zoona, khadi likanatsekedwa ndipo woligwiritsayo akanamangidwa. Akaleka kulipira, khadi likanatsekedwanso, ndipo kachingwe kokhako kowalumikiza ndi mng'ono wawo kakanaduka. Choncho anasankha kulipira chilichonse chimene nyumba yopanda denga ija inkagula, n'kumalumbira kuti wagula ndi iwo. Adiresi anakana kusintha, ati Latifu akafunsidwa pakauntala adzatchula yakaleyo.

A sitolo anakayika ndithu, n'kuwaitanitsa ku ofesi ku Benoni. Ndinawaperekeza, chifukwa sindikanalola kuti zimenezi ndingozimva kwa anthu. Anabwereka nsapato za saizi leveni kwa mkulu wina wogulitsa malasha, n'kuzidzaza tinsalu totsala posoka. Ankayenda ngati bakha, nsapato patsogolo, mwini wake pambuyo. Pokwera masitepe ina inavuka n'kutsika yokha mpaka pansi, tinsalu tili mbwee.

Mayi wa mu ofesiyo anawayang'ana kumapazi. "Baba, nsapato izi n'zanu?"

"Zanga ndithu. Phazi langa limakula Lachisanu."

"Lero ndi Lachiwiri."

"N'chifukwa chake mukuona zikukhwepa."

Mayi uja anatuluka kukasekera panja, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kuyambira pamenepo a Sikoloto anaona zakuda. Munthu anazolowera kuti akafika pakhomo anthu azithawa, tsopano ankachita kubisala ndi iyeyo. Ankalowa mu Etwatwa chozungulira, kudzera kumanda, koma a Bashiru makutu awo ankaidziwa injini ya galimotoyo kuposa mmene ankadziwira mawu a shehe. Akamugwira, ankamukhazika pampando, tiyi wamkaka, mandasi a mayi Kulusumu a pa spaza, kagolosale ka mumzere wathu, ndiye mafunso.

"Mwezi uno tagula chiyani?"

"Buluku, madala. Eish, ndili ndi makomo ena oti ndiyende."

"Chiuno?"

"Sate-sikisi."

"Sate-sikisi! A Japhet, mwamva? Chaka chatha chinali sate-thuu! Wanenepa! Mwana akudya!"

Tsiku limenelo anasokera anthu ulere mpaka dzuwa kulowa. Ine ndinangoti tsotsi wathu wapeza ntchito yabwino, ndipo sanandilankhule mpaka mawa lake, pamene anafuna kubwereka shuga.

Nthambi zimene khadi linkagulako zinkasinthasintha, mwezi uno Germiston, wina Springs, wina Kempton Park. Loweruka a Bashiru ankakwera teksi n'kukaima pakhomo pa sitolo kuyang'ana mapazi a anthu. Anatsatapo wapolisi, anatsatapo m'busa, ndipo ku Springs anatsata chimzimayi china mpaka pa renki ya mateksi, chimene chinawakwapula ndi ambulera.

Chaka chotsatira nyumba ija inagula diresi yobiriwira, mpango ndi nsapato zazimayi. A Sikoloto anaganiza kuti apa ndiye mkuluyu akwiya basi. A Bashiru anaimirira n'kuvula chipewa.

"Wakwatira."

"Madala, mwina ndi hule chabe wa..."

"Pakamwa! Ameneyo ndi mlamu wanga."

Ndipo ukwati tinadya, anthuni. Ukwati wopanda mkwati, wopanda mkwatibwi. Mayi Kulusumu anaphika mpunga ndi nkhuku, Amalawi a mzere wonse anabwera, a Bashiru anaika mipando iwiri kutsogolo n'kuiyala nsalu yoyera. Analangiza mipandoyo kwa nthawi yaitali, kuti banja ndi kupirira, kuti mwamuna asamabwere kunyumba mochedwa. A Bashiru anakakamiza a Sikoloto kuimira akuchikazi, poti ndi okhawo amene ankadziwa saizi ya mkwatibwi. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma nthawi ya perekaniperekani itakwana, tikuponya timakobili m'mbale patsogolo pa mipando yopanda anthu, kuseka kunatha kokha. Mphepo inatukula nsalu ya mpando umodzi n'kuibwezera, ndipo mayi Kulusumu anatola mwana wawo n'kupita kwawo osatsazika.

Kenaka linabwera bulangete la khanda, lapinki. A Bashiru analengeza kuti kwabadwa mwana wamkazi, n'kumutcha dzina lakuti Zakia. Ankamusokera timadiresi, chaka chilichonse kokulirapo, n'kumatipachika pa waya pamwamba pa makina. Wina akafuna kugulako ankati n'toodedwa kale.

Ulendo umodzi ndinapita nawo ku nyumba ija ku Katlehong. Kunali masana dzuwa lili phwee, koma ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha. Mumsewumo munali anthu achilendo okhaokha, akale onse anabalalika. Nyumbayo inali zipupa zakuda, udzu utamera pabalaza, ndipo pa geti panali mulu wa maenvelopu a sitolo ija, onyowa, ena mbuzi zitawadya m'mbali, onse olembedwa dzina la munthu amene anaima pambali panga. Ana a mumsewumo anatiuza kuti m'menemo mumakhala chipoko, mzukwa wokonda kutchena, moti amayi awo amawaletsa kudutsapo. A Bashiru analowa, n'kuima pamene kale panali chipinda chawo, n'kulemba pakhoma ndi choko chawo chautelala, m'Chiyao, kuti ali ku Etwatwa. Kenaka tinakwera teksi yobwerera.

Titatsika ndinawafunsa. "Bwanji osangosiya uthenga ku sitolo, woti wobwera ndi khadi akupezeni?"

"Angamukole nawo apolisi."

"Si chifukwa chake chimenecho, achimwene."

Anayenda pang'ono, n'kutsokomola. "Nanga akabwera wina, a Japhet? Akabwera munthu wina ndi khadi langa m'manja, ndiye kuti Latifu wafa tsiku limenelo. Panopa ali moyo, wanenepa, ali ndi mwana. Ndisiyeni ndizilipira."

Sindinatchulenso za tsotsi kuyambira tsiku limenelo, ngakhale mumtima ndinkakhulupirirabe zomwezo.

Nthawi yoipa kwambiri inali pamene nyumba ija inaleka kugula. Mwezi unatha, wina n'kutha, wina n'kutha, kuli zii. A Bashiru anaonda, makina anachita fumbi. Anafufuza kumene a Sikoloto ankakhala ku Daveyton n'kukawagogodera Lamulungu m'mawa.

"Madala, mulibe ngongole! Mwamaliza! Anthu amavina zikatere!"

"Fufuzaninso, bwana. Mwina pepala linagwera kuseri kwa kabati."

"Palibe!"

"Ngakhale ka hanki?"

Tsiku lina tinangoona galimoto ija ikubwera ndi fumbi, hutala ikulira, a Sikoloto atatulutsa mutu pawindo ngati mwana. "Madala! Masokosi! Peyala imodzi, aakulu!" A Bashiru anavina pakati pa msewu mpaka chifuwa chinawagwetsa. Kuchokera apo masokosi ankabwera kawirikawiri, peyala imodziimodzi, ndipo tinkadabwa kuti munthu mmodzi amatha bwanji masokosi chotere. Kuti alipire zonsezi anagulitsa wailesi, kenaka bedi, n'kumagona pa nsalu za makasitomala.

Chifuwa chija chinawatenga mu Julayi, 1999. Asilamu sachedwa ndi maliro, tinawaika tsiku lomwelo. A Sikoloto ananyamula nawo jeneza, chithatha chonyamulira mtembo, jekete lachikopa atavula koyamba. Pobwera kumanda mayi Kulusumu anafunsa funso limene tonse tinkalizemba.

"Mwambo wathu, m'bale wake amayenera kumva uthenga wa maliro. Ndani akamuuze?"

Tonse tinayang'ana a Sikoloto. Iwo anakanda m'mutu, n'kunena kuti kalata ya imfa ikafika ku ofesi khadi litsekedwa, ndipo wobwera nalo adzauzidwa pakauntala kuti mwini wake anamwalira. Anati ali ndi anzawo m'nthambi zija, akhoza kuwapempha kuti asaitane apolisi, angomuuza munthuyo tsiku la sadaka ndi malo ake. Kalatayo ndinakapereka ndine, ndikudziwa kuti ndikutseka chitseko chimene mnzanga anachigwirira ndi msana zaka zonsezo.

Tsiku la sadaka, ija imachitika pakatha masiku makumi anayi, aliyense ankadya mpunga maso ali pansi. Mlendo akanaganiza kuti ndi chisoni, koma tonse tinkayang'ana mapazi a olowa pa geti. Ine ndinkayembekezera tsotsi, kapena kusabwera munthu n'komwe. Anthu atayamba kusamba m'manja, ndinaona nsapato ziwiri zazikulu zitaima pa geti, zosalowa, zosabwerera. Pamwamba pake panali munthu wamtali, wachiuno cha sate-sikisi, nkhope ya a Bashiru yeniyeni koma yokokedwa m'litali. Kumbuyo kwake kunali mayi wa diresi yobiriwira yofwifwa, atagwira mwana padzanja.

Munthu uja anatulutsa khadi m'thumba, n'kulankhula Chichewa cholemera ndi Chiyao. "Andiuza kuti mwini wake wamwalira mwezi watha. Alakwitsa. Achimwene anga anapsa m'nyumba ku Katlehong, mtembo ndinauona ndi maso angawa."

"Munaona mwini nyumba," ndinatero. "A Bashiru amakhala apa. Makina awo ndi awo."

Latifu anayang'ana makina, n'kuyang'ana timadiresi pa waya. Anadzandira, ndipo a Sikoloto ndiwo anamuwakha.

Atamwa madzi anafotokoza. Tsiku la moto lija teksi inabwerera panjira, nsapato sanagule. Atafika anapeza phulusa ndi mtembo wa munthu wamfupi, n'kuthawa, osapondakonso mumsewu umenewo. Kumudzi sanalembe, poti akanati chiyani kwa mayi? Anayenda ndi patapata mpaka zinaduka, ndiye analimba mtima n'kukagula nsapato ndi khadi la wakufa, akuyembekezera kumangidwa. Atapitanso patapita nthawi, mtsikana wa pakauntala anamuyamikira kuti amalipira bwino.

"Tsitsi linandiima. Ndinati achimwene akulipira ali kumanda. Ndinkaopa kufunsa, ndinkaopa kusiya. Ndinayesa kuleka, koma tulo sitinkabwera. Ndiye ndinkapita kukagula masokosi." Anapukuta kumaso. "Ndili nawo katoni yodzaza, sindinavalepo. Ndinkangofuna kumva ngati akadalipo."

Latifu ankakhala ku Tembisa, anthuni, ulendo woti munthu amapita m'mawa n'kubwerako nkhomaliro isanapse.

Mayi Kulusumu ndiwo anatsitsa kadiresi kakakulu pa waya n'kugwada pamaso pa mwana uja. "Bwera, Zakia, bambo ako aakulu anakusokera."

Mayi ake a mwanayo anadabwa. "Zakia? Uyu ndi mwamuna."

"Nanga bulangete lapinki lija?"

"Linali lotchipa."

Tinaseka, misozi ikutsika, ngakhale shehe anabisa nkhope m'mkanjo. A Bashiru anasoka madiresi zaka zonsezi kusokera mnyamata! Ndinamufunsa mwanayo dzina lake, ndipo anayankha chala chili mkamwa.

"Bashiru."

Latifu anatenga makina ndi timadiresi tonse, ati mwina Mulungu adzapereka wamkazi, dzina lilipo kale. Anapempha a Sikoloto kuti khadi lisatsekedwe, azilipira yekha, koma zinali zosatheka. Chomwe anatha ndi kulemba kalata kumudzi, ndipo sindinamufunse ngati anayankhidwa.

Mkhukhu wa a Bashiru tsopano mukukhala mnyamata wa ku Mozambique, waulemu, wosatsokomola. Kapu yanga imakhala phee pashelefu, ndipo ndimadana nayo. Galimoto yachilendo ikakhotera mumzere wathu, zitseko zonse zimatsekeka monga kale, palibenso wotuluka. A Sikoloto alibe munthu woti amulonjerere mumzere uno, koma mwezi ukatha amadutsabe. Akafika pakhomo paja amachepetsa liwiro mpaka galimoto kutsala pang'ono kuzima, maso ali pa kagalasi koonera kumbuyo, kupereka mpata woti munthu wa phazi laling'ono awapeze.